Breakfast, roller, mgaiwa kapena tiyi wa m'paketi: chomasula m'mimba mwa wosiya nyama ndi chiti?

Nditasiya nyama ndinkayembekeza kuti m'mimba muziyenda ngati minibasi ya m'mamawa pa Great East Road, magalimoto asanachuluke. Sizinatero. Sabata yoyamba munaima nji ngati Cairo Road ya kuno ku Lusaka nthawi yoweruka. Sabata yachitatu, nditayamba kudya nyemba masana ndi madzulo pofuna kukonza zinthu, mimba inafufuma mpaka batani la thalauzi linayamba kudandaula. Aliyense amene ndinamuuza anali ndi yankho lake. Mlamu wanga anati ndigule tiyi wotsuka m'mimba, mnzanga wa Sabata anati vuto ndi ufa, ndipo amayi, pafoni kuchokera ku Katete, anangoti, "Mwanawe, therere ukudya?"

Ndayesa njira zonsezi, zina mwadala, zina chifukwa cha umphawi wa kumapeto kwa mwezi. Sizifanana mphamvu, sizifanana mtengo, ndipo imene imatchuka kwambiri ndi imene ndingaiike kumapeto.

Tiyambe tagwirizana kuti m'mimba moyenda bwino n'chiyani, chifukwa ambiri timavutika ndi lamulo limene kulibe. Madokotala amati kupita kuchimbudzi katatu pa tsiku mpaka katatu pa sabata kuli m'malire a munthu wabwinobwino. Chofunika kwambiri ndi mmene chimbudzicho chikutulukira. Mu 1997 madokotala a ku Bristol anafalitsa tchati chogawa chimbudzi m'mitundu 7, kuyambira timibulu touma ngati ta mbuzi mpaka chamadzimadzi. Mtundu wachitatu ndi wachinayi, wofewa koma wogwirana, wotuluka popanda kuchima, ndiwo tikuufuna. Munthu wopita tsiku lililonse koma n'kumatuluka thukuta m'menemo ndi wodzimbidwa. Wopita kamodzi pa masiku awiri, n'kutuluka msanga ali wopepukidwa, alibe mlandu.

Chinthu chachiwiri: kusiya nyama pakokha sikubweretsa chilichonse m'matumbo. Nyama ilibe fayiba, n'zoona, ndipo fayiba ndi mbali ija ya chomera imene mimba yathu siigaya, monga madeya, makoko a nyemba, mitsitsi ya masamba ndi kunanda kwa therere. Koma mbale ya nsima yoyera bii, kasupu ka tomato ndi kabichi wa masipuni awiri, kenaka mabanzi ndi tiyi madzulo, imeneyonso ilibe nyama, ndipo fayiba yake njochepa zomvetsa chisoni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kupeza magalamu osachepera 25 a fayiba pa tsiku, komanso magalamu 400 a masamba ndi zipatso. Ine m'masabata oyamba aja sindinkafika ngakhale theka.

Ufa

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa nsima timadya kawiri pa tsiku, chaka chonse. Chimene mwasintha mu thumba la makilogalamu 25 chimagwira ntchito pa chakudya chilichonse, ngakhale tsiku limene mwaiwala kuti mukudzisamala.

Breakfast ndi ufa wochotsedwa gaga ndi kamtima ka chimanga. Nsima yake njosalala, njoyera, ndipo alendo akabwera simuchita manyazi. Mgaiwa ndi chimanga chathunthu cholowa m'chigayo osakonola. Ufa wotere uli ndi fayiba pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 alionse, pamene ufa woyeretsedwa umatsala ndi theka lake kapena kucheperapo. Tawerengani nokha: munthu wodya ufa wokwana magalamu 300 pa tsiku, ukakhala mgaiwa, wapeza kale magalamu 20 asanakhudze ndiwo. Roller ali pakati, gaga wina amachotsedwa, wambiri amatsala, ndipo mtengo wake m'sitolo nthawi zambiri umakhala pansi pa breakfast. Ndi malo ochepa m'moyo uno pamene chotsika mtengo chimakhalanso chabwino.

Vuto la mgaiwa ndi mbiri yake. Kwa ambiri a ife umatikumbutsa chaka cha njala ndi nsima ya kusukulu yogonera. Ngakhale kumudzi, mayi wodzilemekeza ankakonola, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika pamphasa, kenaka n'kukagayitsa ufa woyera. Choncho amene amati makolo athu ankadya mgaiwa okhaokha akukometsera nkhani. Chimene chinkawapulumutsa n'chakuti pambali pa nsima yoyerayo ankatafuna chimanga chokazinga, maungu, mbatata, nzama zophika, masuku ndi masamba osasowa. Ife m'tauni tinatenga ufa woyera n'kusiya zina zonsezo ku Chipata.

Mgaiwa uli ndi zofooka zenizeni, osati za manyazi zokha. Kamtima ka chimanga kali ndi mafuta, ndiye ufa wake suchedwa kununkha ukakhalitsa, makamaka m'nyumba yotentha ya mu Okutobala. Gayitsani wa masabata awiri kapena atatu basi. Chimanga chake chikhale chouma bwino, chopanda chuku, chifukwa poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin safa ndi moto. Tonse tikukumbukira 2024 pamene Unduna wa Zaumoyo wa kuno ku Zambia unalengeza kuti poizoniyu wapezeka mu ufa wina wa m'masitolo agalu ambiri atafa. Kugula chimanga chotsika mtengo chonyowa pa msika n'kukagayitsa ndi gaga yemwe n'kudziika pangozi kuposa kudya breakfast. Komanso gaga ali ndi zinthu zimene zimagwira ayironi ndi zinki kuti zisalowe bwino m'thupi, nkhani yofunika kwa munthu amene wasiya nyama. Ndibwererako pofika pa thobwa.

Kunyumba kwathu tinagwirizana motere: roller ndiye ufa wa masiku onse, ndipo tikapeza ufa wa mapira kapena mawere ku msika wa Soweto timathira kapu imodzi pa makapu atatu. Nsima imadera, ana anadandaula sabata imodzi, kenaka anaiwala. Amene banja lawo silingalole, ayambe ndi kusakaniza breakfast ndi roller theka ndi theka, kapena asiye nsima mmene ilili n'kusintha phala la m'mawa kukhala la mgaiwa wothira nsinjiro.

Kamodzi ndinaseka nditamva kuti mkute, umene kuno timati chimbala, uli ndi phindu lake. Nsima ikazizira, mbali ina ya sitachi imasintha n'kukhala yosagayika m'matumbo aang'ono, n'kukafika m'thumbo lalikulu kumene imadyetsa mabakiteriya abwino ngati mmene fayiba imachitira. Mbatata ndi mpunga wozizira n'chimodzimodzi. Koma m'nyengo ya mvula mkutewo utenthetsedwe mpaka nthunzi, poopa kolera imene aliyense wa m'komboni ya Kanyama akuidziwa.

Nyemba, soya ndi masamba

Nyemba ndiye mfumu ya fayiba pa ndiwo zonse. Kapu imodzi ya nyemba zophika imapereka pafupifupi theka la zimene munthu akufuna pa tsiku, ndipo mulinso mapuloteni amene nyama inkabweretsa. Kabulangeti, Solwezi, zachikasu zija timati Lusaka, khobwe, nandolo, nzama, zonsezi n'zabwino. Koma ndi zomwenso zinanditupitsa. Nyemba zili ndi mitundu ya shuga, monga raffinose, imene thupi lathu lilibe chogayira. Imadutsa yathunthu mpaka m'thumbo lalikulu, mabakiteriya n'kuichitira phwando, ndipo mpweya umene mumaumva mu minibasi ndi utsi wa phwandolo. Si matenda. Kulakwa kwanga kunali kuchoka pa nyemba kamodzi pa sabata kufika pa kawiri pa tsiku. Matumbo amazolowera, koma amafuna masabata angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani ndi masipuni atatu kapena anayi tsiku lililonse, muziwonjezera sabata ndi sabata. Nyemba zochepa masiku onse zimavutitsa pang'ono kusiyana ndi mphika wathunthu Loweruka lokha.

Kuviika usiku wonse n'kutaya madziwo kumachotsako shuga uja ndipo kumafupikitsa nthawi yophika, nkhani yaikulu mu mzinda umene malasha akwera ndipo magetsi anavuta kwambiri pa chilala cha 2024 chimene chinatsitsa madzi m'damu la Kariba. Njira imene ndinaphunzira kwa mayi wina wa ku Mtendere ndi iyi: nyemba zoviika zibwate mwamphamvu mphindi 15 kapena 20, kenaka mphika wovundikira bwino ukulungidwe m'bulangeti n'kuikidwa m'dengu maola anayi kapena asanu. Kabulangeti m'bulangeti. Kubwata koyambako musakudumphe, chifukwa nyemba zosapsa zili ndi poizoni wosanzitsa amene amatha ndi kuwira kwenikweni, osati kufunda chabe.

Soya pieces ndiye ndiwo ya wosiya nyama waulesi, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo. Amapsa m'mphindi zochepa, satha malasha, ali ndi mapuloteni ambiri ndi fayiba ndithu. Koma kapaketi kamodzi timagawana banja lonse, ndiye zofika pa mbale ya munthu mmodzi n'zochepa, ndipo kasupu kake ka m'paketi kadzaza mchere. Nawonso amatulutsa mpweya, poti soya ndi nyemba basi. Ndi abwino Lachitatu madzulo mutatopa, koma musayembekeze kuti okha amasula m'mimba.

Masamba ndi amene amanamiza. Timaona mbale yobiriwira n'kuganiza kuti tamaliza, chonsecho repu ndi kabichi zambiri ndi madzi, ndipo mpukutu umodzi wogula pa kantemba ukaphikidwa umangotsala kadzanja kogawana anthu asanu. Masamba amagwira ntchito akachuluka. Nkhwani, umene kuno ukutchedwa chibwabwa, kholowa kapena kuti kalembula, bonongwe, chigwada, zonsezi zikatenderedwa zimaposa zokazinga m'mafuta, chifukwa nsinjiro nazo zili ndi fayiba, ndipo ndiwo zotendera munthu amadya zambiri osakakamizidwa. Mfutso nawo musaunyoze. Kuyanika kumachotsa madzi ndi mavitamini ena, koma fayiba imatsala yonse.

Amayi sananame za therere. Kunanda kwake ndi mtundu wa fayiba umene umasunga madzi, ndipo chimbudzi chouma chimafuna zimenezo kuposa gaga wokhakhala. Kwa munthu amene akuchima mpaka kuona magazi pang'ono pa pepala, therere, mapapaya ndi phala la oats n'zofatsa kuposa kuthira madeya m'chilichonse. Soda kapena chidulo chikhale chochepa, poti chikachuluka chimawononga mavitamini ena.

Za zipatso sindichulukitsa. Idyani chipatso, musamwe madzi ake osefa, chifukwa chosefacho chimataya chimene mukufunacho. Gwafa ali ndi fayiba yoposa magalamu 5 pa 100, mapeyala ndi olemeranso, mango a Disembala amathandiza ndi ulusi wawo womwe, ndipo ufa wa malambe pafupifupi theka lake ndi fayiba, choncho supuni imodzi m'phala ndi yokwanira. Anthu amati njere za magwafa zimatseka m'mimba. Mwana wodya magwafa osapsa khumi osamwa madzi adzaonadi zakuda, koma gwafa mmodzi wakupsa pa tsiku sanatsekepo munthu.

Thobwa, munkoyo ndi maheu

Zakumwa zowawasa zimatamandidwa kuti zili ndi mabakiteriya amoyo. Thobwa kapena munkoyo wofulula kunyumba n'kusiyidwa usiku umodzi kapena awiri alidi nawo. Maheu ambiri a m'mabotolo a m'sitolo amatenthetsedwa kuti asawonongeke pa shelefu, ndipo shuga wake ndi wambiri, ndiye amenewo ndi chakudya chothetsa njala, osati mankhwala a matumbo. Phindu la thobwa limene ndimalikhulupirira kwambiri ndi lina: kumeretsa chimera ndi kuwawasa kumachepetsa zinthu zija za m'gaga zogwira ayironi. Wodya mgaiwa ndi nyemba amapindula akamamwa thobwa, akamathira tomato kapena ndimu pa ndiwo, ndiponso akamasiya tiyi kuti adzamwe patapita ola atadya, poti tiyi amatchinga ayironi. Koma kunena kuti kapu ya munkoyo imasula munthu wodzimbidwa amene akudyabe nsima yoyera ndi mabanzi, ayi.

Munkoyo wa m'mabotolo akale ogulitsidwa m'mbali mwa msewu uli ndi funso limodzi: madzi ake anachokera kuti? Kolera ya kuyambira Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale. Funso lomweli likhudza masaladi. Malangizo ambiri a pa intaneti a odya zamasamba amalembedwa kumaiko kumene madzi a pampopi sakayikitsa, ndipo amalimbikitsa zosaphika. Kuno, mvula ikayamba, masamba ophika ndi chipatso chosenda nokha ndiyo njira. Fayiba siithawa moto.

Za m'paketi ndi za ku famasi

Tiyi wa mlamu wanga ndinamwa masiku anayi. Paketi yake inali yokongola, ya masamba obiriwira ndi mkazi wa mimba yophwa. Chikomekome cha mkuyu. Matiyi ambiri otere mphamvu yawo ndi senna, tsamba limene limakwapula thumbo kuti lifinye. Amagwiradi ntchito, pakatha maola 8 mpaka 12, kawirikawiri ndi kupotokola. Chimene chimatuluka si poizoni wa zaka zambiri monga amanenera ogulitsa, ndi chimbudzi cha mawa ndi madzi a m'thupi. Kenaka masiku awiri otsatira simupita, poti mulibe kanthu, n'kuganiza kuti mwadzimbidwanso, n'kumwanso. Malonda amayenda choncho. Senna yemweyo ku famasi amapezeka ndi mlingo wolembedwa, ndipo kumwa masiku ochepa pamene zavuta si tchimo. Wa m'paketi yosalemba mlingo, womwa mwezi wathunthu, ndiye ndikukana.

Ngati zakudya zokha sizikukwanira, ku famasi kuli zofatsa. Psyllium, imene ena amalemba ispaghula, ndi makoko a njere amene amafufuma m'madzi, ndipo mwa zowonjezera fayiba zonse ndi imene ili ndi umboni wolimba. Imafuna kapu yodzaza ya madzi nthawi iliyonse, apo ayi imatseka m'malo motsegula. Lactulose imakokera madzi m'thumbo, imatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo imaperekedwa ngakhale kwa amayi oyembekezera, ngakhale imatulutsa mpweya. Zonsezi ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi pa ntchito imene roller ndi therere zingagwire.

Piritsi limodzi limene wosiya nyama, mazira ndi mkaka sangalizembe silikhudza chimbudzi: vitamini B12, imene zomera sizipereka. Ndipo amene akumwa mapiritsi a ayironi adziwe kuti amaumitsa m'mimba ndi kudetsa chimbudzi. Amayi ambiri oyembekezera amaimba mlandu nyemba pamene wolakwa ndi kapiritsi kofiira ka ku sikelo. Osasiya kumwa, koma auzeni anamwino.

Zimene sizigulidwa

Dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, anachita chinthu chimene anzake ankachiseka: ankayeza kulemera kwa chimbudzi. Mu 1972 iye ndi anzake anaonetsa kuti anthu a m'midzi ya mu Africa ankatulutsa magalamu oposa 400 pa tsiku, pamene a ku England ankangopitirira pang'ono 100, ndipo chakudya chinkadutsa m'thupi mwa a kumudzi m'tsiku limodzi ndi theka pamene kwa Angerezi chinkatha masiku atatu kapena kuposa. Mu 2015 kafukufuku wina anasinthanitsa zakudya za anthu 20 akuda a ku Pittsburgh ndi anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal. M'masabata awiri okha matumbo a mbali zonse anasintha, a ku America kukhala bwino, a ku South Africa kuipa. Masabata awiri. Ndimaganiza za izi ndikaona wachibale wochokera kumudzi atatha mwezi mu Lusaka akuyamba kufunsa za mankhwala otsegula m'mimba.

Koma wachibaleyo sanasinthe chakudya chokha. Kumudzi ankayenda, kuno amakhala mu minibasi. Kumudzi akamva kuitana ankapita, kuno chimbudzi n'cha mabanja asanu ndi limodzi, m'mawa pali mzere, ndipo m'tauni n'cholipira. Mayi wogulitsa ku City Market amachepetsa dala madzi kuti asasiye katundu wake. Chimbudzi chikasungidwa, thumbo limapitiriza kuyamwa madzi ake, ndipo chofika madzulo chimakhala mwala. Fayiba yambiri pa thupi lopanda madzi imangowonjezera katundu pa msewu wotsekeka kale. Chizindikiro chosavuta ndi mkodzo: ukhale wotuwa, osati wofiirira ngati tiyi.

Thumbo limadzuka lokha munthu akangodya, makamaka chakudya choyamba cha tsiku. Kudzuka mphindi 20 msanga, kudya phala lotentha, n'kupita musanatuluke pakhomo kunandithandiza mofanana ndi kusintha ufa. Ndipo amene ali ndi chimbudzi chokumba asadzione otsalira: kunyonyomala kumawongola njira ndipo kumachepetsa kuchima. A chimbudzi chokhalira aike kampando kapena njerwa ziwiri pansi pa mapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Foni isiyeni kuchipinda, chifukwa kukhalitsa pamenepo ndi kumene kumatupitsa mitsempha ya kumusi, nthenda ija ena amati mudzi.

Mukandifunsa poyambira, ndinena ufa, chifukwa mumasankha kamodzi pa mwezi ndipo sufuna kukumbukira. Sabata yomweyo onjezerani madzi ndi nthawi ya m'mawa ija. Nyemba zibwere pambuyo, pang'onopang'ono, therere ndi zotendera zikhale kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo famasi ikhale ya pamene zonsezi zapatsidwa mwezi wathunthu. Pali anthu ena amene matumbo awo sachedwa kukwiya, moti nyemba, anyezi ndi kabichi zimawapweteka ngakhale atazolowera motani. Amenewo ayese nyemba zochotsa makoko ngati za chipere, mphodza, kapena achepetse n'kudalira oats, mbatata ndi mapapaya.

Zilipo zimene si za kukhitchini. Magazi osakanikirana ndi chimbudzi, chimbudzi chakuda ngati phula munthu asakumwa ayironi, kuonda kosadziwika chifukwa, kutsegula ndi kutseka mosinthana kopitirira masabata atatu, kapena kusintha kwadzidzidzi kwa munthu amene wapitirira zaka 45, zimenezi n'za kuchipatala sabata yomweyo. Kutsegula kwamadzi ngati otsukira mpunga ndiye n'kwa ola lomwelo, madzi a mchere ndi shuga a ORS ali m'manja. Malume anga anamwa tiyi wa m'paketi miyezi isanu ndi itatu akuti ndi kudzimbidwa wamba, ndipo pamene ankapita kukapimitsa anapezeka ndi chotupa m'thumbo. Anachitidwa opaleshoni, ali moyo, ndipo masiku ano ndi iwo amene amanditumizira mawere kuchokera ku Lundazi.